Zitoliro za Chigongono: Mikangano ya Oimba m'Mabala a Anthu a ku Ireland

Chida choimbira chomwe anthu a ku Ireland amanyadira kwambiri chili ndi dzina londisangalatsa ine womasulira. Amachitcha uilleann pipes, ndipo liwu loyambalo limachokera ku mawu a chinenero chawo otanthauza chigongono. Tingati zitoliro za chigongono. Wozilizayo sauzira ndi pakamwa. Amakhala pampando, namangirira kamvukuto m'chiuno ndi pamkono wamanja, konga mvukuto wa wosula makasu koma kakang'ono. Akamakupiza ndi chigongono, mpweya umalowa m'thumba lachikopa lomwe walipana kukhwapa kwamanzere, ndipo chigongono chamanzerecho ndicho chimafinya thumbalo kuti zitoliro zilire. Zitoliro zina zimagona pamiyendo pake, kutulukira kumanja. Munthu ameneyu amafuna malo a anthu awiri.

Tsopano muikeni pakona ya bala, pomwe anthu 15 azungulira tebulo loyenera anthu asanu. Kumanzere kwake kuli wa vayolini, amene uta wake umakwera ndi kutsika pafupi ndi diso la mnzake. Wa chitoliro chathabwa amachigwira chopingasa kuloza kumanja, koma alipo ena amene anaphunzira okha ndipo amachilozetsa kumanzere, kotero awiri otere akakhala moyandikana zitoliro zawo zimagundana. Wa akodiyoni akatambasula chida chake dzanja limakafika pamimba pa woyandikana naye. Patebulo pali matambula a mowa wakuda, pansi pali mabokosi a zida, ndipo kumbuyo anthu akukankhana kuti aone. Tambula imodzi ikagwera pa zitoliro zomwe mwini wake anadikira zaka kuti mmisiri amupangire, ndi kulipira ndalama zokwana kugulira galimoto yakale, musayembekeze kuti nyimbo ithera pomwe inayenera kuthera.

Kukhala kotereku iwo amati session, kapena seisiún m'chinenero chawo. Ndinayesa kumasulira kuti macheza, koma anthu sabwera kudzalankhula. Ndinayesa bwalo, koma palibe wovina. Ndingoti seshoni. Alendo okaona dziko la Ireland amauzidwa kuti mwambowu ndi wamakolo, wakalekale. Zoona zake n'zakuti ndi wamng'ono kuposa agogo ambiri amene akali moyo, ndipo sunabadwire ku Ireland n'komwe. Ndikaona mbiri yake ndimafika poganiza kuti kukankhana, kunyogodolana ndi kugwirana m'khosi komwe oimba amasimba moseka ndi zotsatira za chinthu chimodzi: nyimbo zomwe zinapangidwira munthu mmodzi ndi ovina ake zinalowetsedwa m'kachipinda momwe aliyense ndi woimba ndipo palibe mfumu.

M'zaka za m'ma 1800 woliza zitoliro kapena vayolini ankaimba yekha. Ankaitanidwa kuukwati, kumaliro, kugule wa m'khitchini ya munthu kapena wa pamphambano ya misewu, ndipo ovina ndiwo ankamulipira. Ambiri mwa oliza zitoliro anali akhungu, chifukwa mwana amene nthomba kapena matenda ena amulanda maso analibe ntchito ina yomwe akanaphunzitsidwa. Garrett Barry wa m'chigawo cha Clare, amene anabadwa mu 1847 njala yaikulu ili pachimake, anali mmodzi wa iwo; anamwalira mu 1899 m'nyumba yosungira amphawi ku Ennistymon. Ndewu zinalipo nthawi imeneyo, zoopsa zedi, koma zinali za mabanja ndi magulu omwe ankapangana kukakumana pamsika kapena pachikondwerero cha woyera mtima wina, atanyamula zibonga. Pa 24 June 1834, pagombe la Ballyeagh ku Kerry, gulu lotchedwa Cooleens linamenyana ndi la mabanja a Lawlor ndi Mulvihill, ndipo anthu ambiri anafa, ena atamira bwato lomwe ankathawira litagubuduzika. Msika wa Donnybrook ku Dublin unatsekedwa mu 1855 chifukwa cha uchidakwa ndi ziwawa, ndipo dzina lake linatsalira m'Chingelezi ngati liwu lotanthauza chipwirikiti. Pamisika yotereyi woimba anali wantchito m'tenti ya wogulitsa mowa. Zibonga zikayamba kulira, nkhawa yake inali kupulumutsa chida chomwe chinkamudyetsa.

Mdani wake weniweni anali woimba mnzake. Nyimbo inali chuma. Apa ndikunena nyimbo zovinira zopanda mawu, zazifupi, zomwe munthu amazisunga m'mutu. Wokhala ndi nyimbo yabwino yomwe ena alibe ndiye ankaitanidwa, choncho ena ankasiya kuiliza akaona kuti katswiri mnzawo watchera khutu. Yemwe analemba zambiri za nsanje imeneyi ndi Francis O'Neill, wobadwira ku Cork mu 1848, amene anakhala mkulu wa apolisi mumzinda wa Chicago kuyambira 1901 mpaka 1905. Munthuyu anali woliza chitoliro, ndipo ankati akamva kuti mumzinda mwafika woimba waluso wochokera kwawo, ankamupezera ntchito, kawirikawiri yaupolisi. Mu 1903 anatulutsa buku la nyimbo 1,850, ndipo mu 1907 lina la nyimbo zovinira 1,001, lomwe oimba anafika pongolitcha "bukulo". Koma kalabu ya oimba yomwe iye ndi anzake anakhazikitsa ku Chicago sinakhalitse. Inasweka ndi kaduka ndi timagulu. Mkulu wa apolisi amene ankalamula amuna zikwi zingapo anakanika kukhazika pamodzi oliza zitoliro ochepa chabe. Atambala awiri salira m'khola limodzi, ndipo iye anali atasonkhanitsa khola lonse la atambala.

Kwawo ku Ireland, chomwe chinathetsa gule wa m'makhitchini si ndewu ayi, koma lamulo. Mu 1935 boma linakhazikitsa lamulo la maholo ovinira, lofuna kuti gule aliyense wa anthu ambiri akhale ndi chiphaso chochokera kukhoti. Ansembe a Katolika anali atadandaula kwa zaka zambiri kuti magule a usiku akuwononga achinyamata, ndipo okalamba ambiri amene anajambulidwa pambuyo pake amasimba za wansembe wofika pamphambano ndi ndodo kudzabalalitsa ovina. Lamulo litadutsa, apolisi anayamba kutengera kukhoti anthu ochititsa gule m'nyumba zawo, ndipo gule anasamukira m'maholo, ambiri a iwo a parishi, momwe ankalowa ndi ndalama. M'holo yaikulu vayolini mmodzi samveka. Panafunika bandi yokhala ndi piyano, ng'oma ndi akodiyoni. Mkulu wa kumudzi amene ankaliza vayolini pafupi ndi moto anapachika chida chake kukhoma.

Kenako anyamata anachoka. Pakati pa 1951 ndi 1961 dziko la anthu osafika mamiliyoni atatu linataya anthu oposa 400,000, ambiri akupita ku England kukamanga zomwe mabomba a nkhondo anagwetsa. Wowerenga wa kuno amene agogo ake anapita ku Joni kapena ku Salisbury, ena n'kukhala machona, aidziwa nkhaniyi popanda kuuzidwa: amuna okhaokha, ntchito yokumba, kachipinda kobwereka kogona anayi. Eni nyumba ambiri ku London sankafuna anthu a ku Ireland kapena anthu akuda, ndipo amene ankawalandira sankalola phokoso la vayolini. Bala ndiye linali pabalaza pawo. M'bala ndimo munkamveka za ntchito, ndimo ambiri ankasinthira cheke cha malipiro, ndimo munkafikira uthenga wa maliro akumudzi. Reg Hall, woimba komanso wolemba mbiri ya nyimbozi ku London, amaloza bala lotchedwa Devonshire Arms ku Camden Town ngati malo oyamba pomwe oimba anayamba kukhala pamodzi n'kumaliza nyimbo zovinira popanda ovina, nkhondo yachiwiri itangotha. Posachedwa mabala ena anatsatira, monga Bedford Arms, komwe Michael Gorman wa vayolini ankaimba ndi Margaret Barry, mayi wa banjo ndi mawu omveka kutsidya kwa msewu.

Apa m'pamene pali gwero la mikangano yambiri. Amuna amene kwawo sakanakumana moyo wawo wonse anapezeka patebulo limodzi. Wa ku Sligo amaliza mothamanga ndi mokometsera. Wa kum'mawa kwa Clare amakoka pang'onopang'ono. Wa ku Donegal uta wake ndi waufupi ndi wamphamvu, ndipo wa kumalire a Cork ndi Kerry ali ndi magule ake omwe enawo ankawaona ngati achibwana. Nyimbo imodzi inali ndi maina atatu ndi mapindidwe asanu, ndipo aliyense anali wotsimikiza kuti yoona ndi yomwe anamva kwa bambo ake. Kale woimba ankatenga liwiro kumapazi a ovina. Ovina atachoka, liwiro linasanduka nkhani ya yemwe chida chake chili ndi mawu aakulu. Woweruza yekhayo amene ambiri ankamuvomereza anali munthu wakufa: Michael Coleman wa ku Sligo, amene anajambula malekodi ku New York m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930 n'kumwalira mu 1945. Malekodi ake anafika pafupifupi m'mudzi uliwonse. Mpaka lero wina akayamba nyimbo yotchedwa Tarbolton, onse amadziwa ziwiri zotsatira, chifukwa umo ndi momwe Coleman anazilumikizira mu 1934. Amene angakhotere kwina amatsala akuliza yekha, enawo akumuyang'ana.

Kwathu kuno ng'oma zikamalira pabwalo, mbalule ili ndi mawu ake, mpanje uli ndi ake, ndipo kukoma kwake kuli m'kulukana kwa mawu osiyana. Aliyense akudziwa amene akutsogolera, ndipo wolakwitsa amalandidwa ng'oma poyera popanda mlandu. Seshoni ndi yosiyana kotheratu. Onse amaliza mzere umodzi womwewo nthawi imodzi, choncho wolakwitsa alibe pobisala, komanso palibe amene ali ndi udindo womuuza kuti aleke. Malamulo alipo ambiri, koma palibe amene amawanena. Woyambitsa nyimbo ndiye amasankha yotsatira, ndipo amapereka chizindikiro ndi diso, phazi kapena kakufuula kakafupi. Nyimbo yomwe suidziwa suiliza. Suyamba yako mnzako asanamalize kupuma. Mipando ina ili ndi eni ake ngakhale palibe cholembedwapo. Woimba nyimbo ya mawu akayamba, bala lonse limakhala chete. Mlendo amadziwa malamulowa pokhapokha atawaswa, ndipo chilango choyamba si chibakera. Ena amangoika zida zawo pamiyendo n'kumuleka alize yekha mpaka achite manyazi. Ena amayamba dala nyimbo zachilendo, kapena zokwera pamawu omwe chida chake sichifika. Ena amanyamuka mmodzimmodzi ngati akupita kukataya madzi, n'kukayambitsa seshoni ina m'chipinda chakumbuyo. Ndewu yeniyeni imabwera pamene munthu wakana kumva zonsezi, kawirikawiri mowa utamutseka makutu.

Ngakhale mpweya wa m'chipindamo umakolezera moto. Chitoliro chathabwa chikatenthedwa mawu ake amakwera. Timabango ta m'zitoliro za chigongono timasintha ndi chinyezi ndi kutentha, moti tomwe timalira bwino pofika timatha kulira ngati mbuzi pofika pakati pa usiku. Akodiyoni sasintha, ndiye onse ayenera kudzichunira kwa iye, zomwe wa vayolini wonyada samazilandira mosavuta. Aliyense amakhulupirira kuti wasokonekera ndi mnzake. Mpaka pa 29 March 2004, pomwe Ireland inaletsa kusuta m'malo ogwirira ntchito kuphatikizapo mabala, zonsezi zinkachitika muutsi woti maso kuwawa.

Mwambowu unabwerera kwawo ndi anthu obwera kutchuthi, ndipo unakumana ndi chinthu china chatsopano. Mu 1951 ku Mullingar kunakhazikitsidwa bungwe la Comhaltas Ceoltóirí Éireann, lofuna kupulumutsa nyimbo zomwe zinkaoneka kuti zikufa, ndipo chaka chomwecho linachititsa chikondwerero choyamba chotchedwa Fleadh Cheoil. Okonza ankaganiza za mipikisano, oweruza ndi mamendulo. Koma oimba akatuluka mumpikisano ankakhala m'mabala, pamakomo a masitolo ndi m'misewu, n'kumaliza mpaka mbandakucha. Pofika zaka za m'ma 1960 achinyamata a m'mizinda, amene anali atakopeka ndi magulu monga Clancy Brothers ndi Dubliners, anayamba kukhamukira kuzikondwererozi ndi magitala, zofunda ndi mabotolo. Fleadh ya ku Mullingar ya 1963 imakumbukiridwa chifukwa cha uchidakwa ndi chisokonezo cha m'misewu chomwe nyuzipepala zinalemba mokalipa. Tauniyo sinalandirenso chikondwererochi mpaka 2022. Oimba achikulire, amene zaka khumi zapitazo ankadandaula kuti palibe wofuna kuwamvera, tsopano ankasowa poika chigongono.

Zida zatsopano zinafika ndi khamulo, ndipo chilichonse chinalandiridwa ndi nkhonya za pakamwa. Mu 1962 Seán Ó Riada, katswiri wa nyimbo wophunzira kwambiri, anadzudzula pawailesi mabandi a m'maholo ndi akodiyoni mosanyengerera. Koma iye yemweyo ndiye anakweza bodhrán, ng'oma yachikopa cha mbuzi yooneka ngati lichero, yomwe kale inkamveka makamaka pa 26 December anyamata akamayenda khomo ndi khomo atavala zobisa nkhope. Iye anaiika pasiteji ya konsati, ndipo m'zaka zochepa inasanduka chida chogula aliyense wofuna kukhala pakati pa oimba popanda kuphunzira nyimbo. Ng'oma imodzi m'manja mwa wodziwa imanyamula seshoni. Zinayi m'manja mwa ongoyamba zimamveka ngati mvula ya matalala padenga lamalata. Pali nthabwala yomwe amati inachokera kwa Séamus Ennis, mmodzi wa akatswiri a zitoliro za chigongono, yakuti njira yabwino yoimbira ng'omayi ndi kugwiritsa ntchito kampeni. Ife timati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Kumeneko kalumoko amanolera mlendoyo. Bouzouki, chida cha zingwe cha ku Greece chomwe Johnny Moynihan analowetsa m'nyimbozi m'zaka za m'ma 1960, chinadutsa m'moto womwewo, ndipo lero palibe amene amachiona ngati chachilendo.

Ndalama zinabwera pomaliza. Eni mabala ataona kuti nyimbo zimakoka alendo, anayamba kulipira oimba awiri kapena atatu kuti azikhalapo usiku wakutiwakuti, ena onse n'kumalowa ulele. Kunja seshoni imaonekabe ngati ya anthu ofanana, koma mkati muli olembedwa ntchito ndi odzipereka, ndipo mkangano wa amene akhale pafupi ndi tebulo, amene alandire mowa waulere ndi amene ayambitse nyimbo uli ndi fungo la malipiro. Ine sindiona cholakwa kuti woimba alipidwe. Garrett Barry ankalipidwa. Chomwe chimabala udani n'chakuti onse amachita ngati ndalamazo kulibe.

Nkhani za uta wolowa m'mphuno ndi mowa wothiridwa m'akodiyoni zimasimbidwa moseka, ndipo n'zoseketsadi. Koma zimakhudza okhawo amene analoledwa kulowa. Nthawi ya magule a m'khitchini, amayi ambiri, makamaka ku Clare, ankaliza konsatina, chida chaching'ono chotsika mtengo chomwe chinkasungidwa pafupi ndi moto. Elizabeth Crotty wa ku Kilrush, amene anamwalira mu 1960, ndiye wodziwika kwambiri mwa iwo. Nyimbo zitasamukira m'bala, malo omwe mayi wodzilemekeza sankayembekezeka kulowa ku Ireland wa nthawi imeneyo, ambiri anatsala panja popanda wowakankha. Anthu oyendayenda a ku Ireland, otchedwa Travellers, nawonso akhala akubwezedwa pamakomo a mabala mpaka masiku ano, chonsecho ena mwa akatswiri aakulu a zitoliro anachokera mwa iwo. Johnny Doran ankaliza ataimirira, panja, pamisika ndi pamipikisano ya mahatchi, phazi limodzi ataliponda pabokosi la chida chake. Willie Clancy, amene dzina lake lili pasukulu ya nyimbo yomwe imachitika chaka ndi chaka ku Miltown Malbay kuyambira 1973, anakopeka ndi zitoliro atamva Doran pamipikisano ya mahatchi kwawo mu 1936. Doran anajambulidwa kamodzi kokha, mu 1947. Chaka chotsatira khoma linagwera ngolo yomwe ankagonamo ku Dublin n'kumuthyola msana, ndipo anamwalira mu 1950, seshoni ya m'bala isanazike mizu kwawo.

Amene akufuna kumva momwe chipinda chotere chinkamvekera ali ndi mwayi umodzi wabwino. Mu 1967 Bill Leader, mothandizana ndi Reg Hall, anajambula oimba m'bala lotchedwa The Favourite ku Holloway, kumpoto kwa London, ndipo chimbalecho chinatuluka mu 1968 ndi dzina lakuti Paddy in the Smoke. Anthu ankasonkhana Lamulungu masana akatuluka ku Misa, m'maola awiri okha omwe lamulo linkalola bala kutsegula, amuna atavala masuti awo okhawo. Kumeneko kunali wotsogolera, Jimmy Power wa ku Waterford, amene ankaona kuti aliyense wodziwa apatsidwe mpata, ndipo pakati pa oliza vayolini panali Bobby Casey, Martin Byrnes komanso amayi awiri, Julia Clifford ndi Lucy Farr. Pachimbalecho mumamveka matambula akugundana, anthu akulankhula, mapazi akugunda pansi, ndi wina akukuwa kulimbikitsa woimba nyimbo ikafika pokoma. Ambiri mwa amuna amene akumveka kumbuyoko ankadzuka m'mamawa Lolemba kukadikira lole ya kontilakitala. Bala la The Favourite linagwetsedwa pomanga bwalo latsopano la timu ya Arsenal, lomwe linatsegulidwa mu 2006.